Mwana wovuta kapena mwana wovutika? Sayansi younika maganizo a ana ndi ntchito zimene zilimo

Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 mwayamba kale kutopa ndi funso lija lakuti, "Ukamaliza sukulu udzakhala ndani?" Ndikafunsa m'kalasi mwanga mayankho amakhala omwewo chaka ndi chaka: dokotala, nesi, loya, msilikali. Pamapezekanso mmodzi wonena kuti adzagula lole n'kumapikula chimanga pamsika wa Limbuli. Lero ndikufuna ndiwonjezere ntchito ina pamndandandawo. Koma ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa, chifukwa ndi chimene chinandidziwitsa ntchitoyi.

Chibalo chimene ndinapereka

Ndimaphunzitsa Biology pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Limbuli, mumsewu wopita kuchipata cha Muloza. Mu Disembala 2023 ndinali ndi mnyamata wina wa Fomu 1 amene ankandipweteketsa mutu. Sinditchula dzina lake, ndipo zina ndasintha kuti asadziwike. Iye mwini ndi amalume ake anandilola kufotokoza nkhaniyi.

Mnyamatayu ankasinza m'mawa weniweni, peni ili m'manja. Tsiku lina anamenya mnzake amene anangomugwira paphewa kuchokera kumbuyo. Nthawi zina ankangodzuka phunziro lili mkati n'kutuluka, osapempha, osayang'ana munthu. Ndinamupatsa chibalo chotchetcha udzu. Atabwereza ndinamukumbitsa dzenje la zinyalala. Ndikamufunsa kuti, "Iwe, vuto lako n'chiyani?" ankangoti, "Palibe, sala," maso ali pansi. Mumtima ndinagamula kuti ndi mwano basi.

Sabata ina kunabwera nesi woona za matenda a maganizo kudzacheza ndi ophunzira. Tikumwa tiyi mu ofesi ndinamutchula mnyamatayo mongoseka. Nesiyo sanaseke. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, amatuluka tsiku lililonse kapena ali ndi masiku ake?" Ndinaganiza kaye. Zoonadi, anali ndi masiku ake. Ankatuluka mvula ikayamba kugunda malata. Funso lachiwiri linali lalifupi: "Mu Malichi anali kuti?"

Nonse mukudziwa zimene zinachitika mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo pa 13 Malichi boma linalengeza kuti m'chigawo cha kummwera mwagwa ngozi. Kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe madzi anatsika m'phiri ndi miyala, matope ndi mitengo. Nyumba ya mnyamatayu inagwa usiku. Iye anathawa atabereka mlongo wake wamng'ono, koma agogo amene ankawalera sanapulumuke. Ine ndinakhala naye m'kalasi miyezi itatu osadziwa zimenezi. Nesi anazipeza ndi mafunso awiri. Kusiyana kwa iye ndi ine sikunali mtima wabwino ayi. Iye anaphunzira kufunsa.

Chinkachitika n'chiyani mu ubongo wake?

Tibwerere ku Biology pang'ono. Mkati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri, muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala. Katengeni ngati mlonda wa usiku. Kakamva zoopsa kamaliza wezulo nthawi yomweyo, osadikira kuti muganize. Uthenga umafika ku ma adrenal gland amene ali pamwamba pa impso, ndipo iwo amatulutsa adrenaline. Mtima umathamanga, mpweya umafulumira, magazi amapita ku minofu ya miyendo ndi manja. Thupi lakonzeka kuthawa kapena kumenya. Mukakumana ndi njoka m'munda wa tiyi, dongosolo limeneli ndi limene limakupulumutsani.

Kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kuli gawo lotchedwa prefrontal cortex. Ili ndilo limayeza zinthu n'kuuza mlonda uja kuti, "Khala pansi, ndi chingwe chabe, si njoka." Gawoli limachedwa kukhwima. Limamaliza kukula munthu ali cha m'ma 25, pamene mlonda uja amakhala atayamba kale ntchito kuyambira ubwana. N'chifukwa chake inu achinyamata nthawi zina mumachita kaye chinthu n'kuganiza pambuyo. Si uchitsiru, ndi mmene ubongo umakulira.

Munthu akadutsa mu zoopsa zedi, mlonda uja amatha kuphunzira kuti phokoso, fungo kapena malo ena ake ndi ngozi, ndipo amaliza wezulo ngakhale ngoziyo inatha kalekale. Kwa mnyamata wanga, mvula pamalata inali usiku uja kubweranso. Usiku sankagona chifukwa cha maloto oopsa, n'chifukwa chake ankasinza m'mawa. Thupi lake linkakhala tcheru nthawi zonse, n'chifukwa chake kugwidwa paphewa kunabala chibakera. Anthu ambiri amene aona zoopsa amamva zotere masiku oyamba, kenako zimazilala zokha. Zikapitirira mwezi n'kumasokoneza moyo wa munthu, achipatala amayamba kuganizira vuto lotchedwa PTSD. Chibalo sichingachize zimenezi. Chimangowonjezera mantha pamwamba pa mantha.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la m'maganizo. Limatinso theka la matenda a maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Tawerengerani m'kalasi mwanu. Ngati mulipo 70, ndiye kuti mwina anthu khumi.

Kuno kwathu, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014 anaunika achinyamata oposa 500 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali ndi matenda okhumudwa, aja amati depression. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Boma la Mulanje lokha linali ndi anthu oposa 680,000. Ana ndi ochuluka chonchi, koma anthu ophunzira kuwaunika ndi ochepa kwambiri. Apa ndi pamene pali ntchito.

Kuunika n'kutani kwenikweni?

Kuunika si kuyang'ana mwana n'kunena kuti "uyu ndi wamisala" kapena "uyu ndi wabwinobwino". Ndi kafukufuku, ngati amene timachita mu labu: kusonkhanitsa umboni, kuganizira zifukwa zingapo, n'kumachotsa chimodzichimodzi mpaka patsale choona. Malungo ali ndi kachipangizo kake koyezera magazi, koma nkhawa ilibe. Chida chachikulu ndi makutu, maso ndi mafunso okonzedwa bwino. Ntchitoyi imayenda chonchi.

*Choyamba, thupi.* Zinthu zambiri zooneka ngati khalidwe loipa zimachokera m'thupi. Mwana wosamva bwino chifukwa cha mafinya m'khutu amaoneka ngati wosamvera. Wosaona bwino pabolodi amaoneka ngati waulesi. Njala, kuchepa kwa magazi ndi likodzo zimafooketsa mwana n'kumuchititsa kusinza. Pali mtundu wina wa khunyu umene mwana sagwa pansi, amangoti duu kwa masekondi ochepa maso ali gwa, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, ndipo aphunzitsi amati akulota masana. Palinso malungo aakulu ofika ku ubongo. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akuwafufuza kwa zaka zambiri, ndipo muyezo wotchedwa Blantyre Coma Score, umene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo anasindikiza mu 1989, umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Ana ena amene achira malungo oterewa amatsala ndi khunyu, kuvutika kuphunzira kapena kusakhazikika. Choncho funso lakuti "anadwalapo malungo okomoka nawo?" ndi funso la sayansi ndithu.

*Chachiwiri, nkhani ya mwana kuchokera kwa anthu angapo.* Mutu umodzi susenza denga. Wounika amamva kwa mwana, kwa omulera ndi kwa aphunzitsi, chifukwa aliyense amaona mbali yake. Kwathu kuno, kumene ambiri timatsata mbumba ya kuchikazi, amalume kapena agogo akhoza kudziwa zambiri kuposa bambo. Wachinyamata amapatsidwanso nthawi yolankhula payekha, makolo ali panja, chifukwa pali zina zimene sanganene pamaso pa akuluakulu. Achipatala ambiri amatsata ndondomeko yotchedwa HEADSS, imene imawakumbutsa kufunsa za kunyumba, za kusukulu, zimene mwana amachita akaweruka, za mowa ndi chamba, za zibwenzi, ndiponso za kukhumudwa ndi maganizo ofuna kudzipha. Amayamba ndi mafunso opepuka n'kumalowa pang'onopang'ono m'ovuta.

*Chachitatu, msinkhu.* Kukodza pamphasa ali ndi zaka zitatu si vuto. Ali ndi zaka 12, makamaka ngati anali atasiya n'kuyambiranso, ndi chizindikiro chofunika kuchifufuza. Wounika ayenera kudziwa bwino zimene mwana wa msinkhu uliwonse amayembekezeka kuchita.

*Chachinayi, miyezo itatu.* Zayamba liti ndipo zatenga nthawi yaitali bwanji? Zakula motani? Zikusokoneza chiyani pa moyo wa mwanayo: tulo, kudya, sukulu, kucheza ndi anzake? Tonse timakhumudwa tikalephera mayeso. Koma achipatala amaganizira za depression ngati kukhumudwa kapena kusasangalala ndi chilichonse kwakhalapo pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Pa vuto la kusakhazikika lotchedwa ADHD, zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba mwana asanakwane zaka 12, zitatenga miyezi isanu ndi umodzi, komanso zikuoneka m'malo oposa amodzi. Mwana amene amavuta m'kalasi ya mphunzitsi mmodzi yekha, kwina konse ali phee, mwina vuto silili mwa mwanayo. Ife aphunzitsi sitikonda kumva zimenezi, koma ndi zoona.

*Chachisanu, chitetezo.* Kodi pali amene akumuchitira nkhanza? Kodi akuganiza zodzivulaza? Ambiri amaopa kuti kufunsa za kudzipha kumapatsa munthu maganizowo. Kafukufuku waonetsa kuti si choncho. Kufunsa modekha kumatsegula khomo loti munthu athandizidwe. Wounika amasunga chinsinsi, koma amamuuziratu mwana poyamba kuti ngati moyo wake kapena wa wina uli pangozi, adzayenera kuuza anthu amene angamuteteze.

*Chomaliza, dongosolo la chithandizo.* Kuunika kopanda chotsatira ndi kutaya nthawi. Mwana wina amafunika uphungu, wina mankhwala a khunyu, wina magalasi, wina kuchotsedwa m'nyumba ya nkhanza, wina kungosinthidwa malo okhala m'kalasi. Ana ambiri safunika mapiritsi.

Mapepala a mafunso ndi masamu ake

Pofuna kuti wounika wa ku Mulanje ndi wa ku Karonga aziyeza mofanana, akatswiri anakonza mapepala a mafunso oyesedwa. Limodzi lodziwika padziko lonse ndi SDQ, limene Robert Goodman wa ku London anatulutsa mu 1997. Lili ndi mfundo 25 zogawidwa m'magulu asanu: za mumtima monga nkhawa, za khalidwe, za kusakhazikika, za ubale ndi anzake, ndi za mtima wothandiza ena. Onani kuti gulu lachisanuli limayeza zabwino za mwana. Wounika wabwino safufuza zofooka zokhazokha.

Koma chida chopangidwira mwana wa ku London sichingagwire ntchito chimodzimodzi kwa mwana wa ku Limbuli. Mukafunsa ngati mwana amatha kukwera masitepe a nyumba yosanja kapena kudya ndi foloko, mwana wathu wanzeru bwinobwino aoneka wotsalira chifukwa sanazionepo. N'chifukwa chake Melissa Gladstone ndi anzake anakonza chida cha konkuno chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT, chimene chinasindikizidwa mu 2010. Chimayeza ana kuyambira obadwa kumene mpaka zaka zisanu ndi chimodzi pa zinthu zinayi: kuyendetsa thupi lonse, kugwiritsa ntchito zala, chilankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Anachiyesa pa ana akumudzi oposa 1,400, ndipo lero chikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ena ambiri. Sayansi yopangidwa ku Malawi ikutumikira dziko.

Ngakhale mawu enieniwo ndi nkhani. Munthu wa kuno sanena kawirikawiri kuti "ndili ndi depression". Amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukundiwawa", "mutu sukundisiya", "thupi lonse lafooka". Wina anena m'Chilomwe. Amene anakulira kuno ali kale ndi chuma chimene katswiri wochokera kutali alibe.

Tsopano tengani pensulo, tichite masamu. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti pasukulu pali ophunzira 200, ndipo 20 mwa iwo ali ndi vuto lenileni. Pepala lathu la mafunso limagwira anthu 8 mwa 10 alionse amene ali ndi vuto. Ndiye ligwira 16, n'kuphonya 4. Koma limalakwitsanso: mwa 10 alionse amene alibe vuto, limaloza mmodzi molakwika. Opanda vuto alipo 180, ndiye lilozamo 18. Onse olozedwa ndi 16 kuphatikiza 18, kukwana 34. Mwa 34 amenewa, amene alidi ndi vuto ndi 16 okha, osafika ndi theka lomwe.

Mwaona? Pepala silipereka chigamulo. Lili ngati sefa yosefera ufa: limangosonyeza amene ayenera kuonedwa mofatsa ndi munthu wophunzira. Kuthekera kogwira odwala enieni amakutcha sensitivity, ndipo kuthekera kosiya amene ali bwino amakutcha specificity. Choncho mukapeza timafunso pa intaneti tokuuzani kuti muli ndi matenda akutiakuti, musathamangire kukhulupirira. Pitani mukaonane ndi munthu.

Ndani amagwira ntchitoyi, ndipo amaphunzira kuti?

*Nesi wa matenda a maganizo.* M'maboma ambiri, ntchito yaikulu ili m'manja mwa anthu amenewa. Amaona odwala pachipatala cha boma n'kumayendera zipatala zing'onozing'ono. Mumayamba ndi unamwino wamba: dipuloma ya zaka zitatu m'makoleji monga ya Mulanje Mission konkuno, kapena digiri ya zaka zinayi ku Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amangoti KUHeS, kapena ku Mzuzu University. Kenako mumawonjezera maphunziro a za maganizo, monga amene amaperekedwa ku St John of God ku Mzuzu. Amene amalembetsa anamwino ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi.

*Clinical officer.* Awa ndi amene ambiri timangowatcha adokotala kuchipatala. Amaphunzira zaka zitatu m'malo monga Malawi College of Health Sciences kapena Malamulo ku Thyolo, ndipo amatha kudzawonjezera digiri ya za maganizo ku St John of God. Amaunika, amalemba mankhwala, ndipo amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi.

*Psychiatrist.* Uyu ndi dokotala amene watsiriza digiri ya udokotala, wagwira ntchito moyang'aniridwa, kenako waphunzira zaka zina zinayi za matenda a maganizo okhaokha. KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imaphunzitsa zimenezi. Njirayi ndi yaitali, imapitirira zaka khumi, ndipo madokotala otere m'dziko muno ndi owerengeka. Odwala ofunika kugonekedwa amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matendawa.

*Psychologist.* Uyu amaphunzira za maganizo ndi khalidwe la munthu, amayeza luso la kuphunzira, ndipo amachiza polankhulana, osati ndi mankhwala. Mukhoza kuyamba ndi phunziro la Psychology ku University of Malawi ku Zomba, koma kuti muziona odwala pamafunika digiri yachiwiri ya clinical psychology. Mwina munawerengapo zolemba za Pulofesa Chiwoza Bandawe m'nyuzipepala. Iwo ndi mmodzi mwa akatswiri odziwika a ntchitoyi m'Malawi.

*Mlangizi wa uphungu.* Amakhala pansi ndi mwana kapena banja n'kuwathandiza kupeza njira. St John of God imaphunzitsa uphungu wotere. Alangizi amagwira ntchito m'zipatala, m'mabungwe, m'magulu a Teen Club a achinyamata omwe ali ndi HIV, ndiponso pa lamya yothandiza ana ya 116 imene bungwe la YONECO limayendetsa.

*Wa Social Welfare.* Uyu amaunika kumene mwana akukhala: akudya, akugona pati, akumenyedwa, akukakamizidwa ukwati? Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limawapatsa udindo waukulu pa ana ofunika chitetezo ndi ana amene alakwira lamulo, ndipo malipoti awo amathandiza khothi la ana. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Maphunziro ake amapezeka ku Magomero College ku Chiradzulu ndi ku Catholic University ku Nguludi. Amagwira ntchito limodzi ndi apolisi a Victim Support Unit ndi malo a Chikwanekwane, kumene mwana wochitiridwa nkhanza amapeza achipatala, apolisi ndi alangizi pakhomo limodzi.

*Mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera.* Amazindikira mwana wovutika kuwerenga, kumva, kuona kapena kuphunzira, n'kukonza njira yomuphunzitsira. Koleji ya Montfort ku Nguludi ndiyo yodziwika pa maphunzirowa.

*Wofufuza.* Zida ngati MDAT zimafuna anthu oziyesa, omasulira, owerengera. Ngati mumakonda masamu kuposa kucheza ndi anthu, malo anu alipo, m'mabungwe ofufuza monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre.

Chifukwa akatswiri ndi ochepa, WHO inayambitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008, yophunzitsa achipatala wamba kuzindikira ndi kuthandiza mavuto a maganizo pamalo pomwe ali. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amapereka uphungu atakhala pabenchi kunja kwa chipatala, ndipo njirayi yafikanso m'zipatala zina za ku Malawi. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale mutadzakhala nesi wamba kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, luso limeneli lidzakufunani.

Ndiye panopa muchitenji?

Limbikirani Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi ngati mukufuna njira ya chipatala. Kuti mulowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku udokotala mpikisano ndi woopsa, mapointi amafunika otsika kwambiri. Pa Social Welfare, uphungu ndi Psychology, maphunziro a Social Studies ndi Life Skills amathandiza, koma musathawe masamu, chifukwa mwaona kale kuti ali paliponse. Zofunika polowa zimasintha, choncho muziwerenga chilengezo cha NCHE ndi cha koleji iliyonse chaka chimene mukulembera. Safunsa anadya phula.

Chichewa ndi Chilomwe musazinyoze. Mwana wamantha salankhula Chingerezi. Ndipo kuno kumalire, kumene abale athu a ku Milange amabwera kumsika ndi kuchipatala, ngakhale Chipwitikizi pang'ono ndi phindu.

Ndikuuzeninso zoona zake, kuti musadzati aphunzitsi anatinamiza. Ntchitoyi ndi yolemetsa mtima. Mudzamva nkhani zimene zidzakutsatirani mpaka kunyumba, ndipo inunso mudzafunika wina wokumverani. Mizere ndi yaitali, nthawi ndi yochepa. Ena adzakusekani kuti mumagwira ntchito ndi amisala. Makolo ena adzafika kwa inu atayamba kwa asing'anga kapena kumapemphero, akukhulupirira kuti mwana walodzedwa. Mukawanyoza sabweranso, ndipo wovutika ndi mwana. Wounika wanzeru amamvetsera chikhulupiriro chawo mwaulemu, n'kufotokoza zimene iye waona, n'kupeza pogwirizana. Kumaliza maphunziro sikutanthauzanso kuti ntchito ya boma ikudikirani pakhomo. Ena amadikira ndithu.

Koma luso loyamba mukhoza kuliyamba lero, kwaulere. Mnzanu akasintha, wasiya mpira, sakudya, wayamba kujomba, musamupatse dzina. Mufunseni pambali kuti, "Ndaona kuti masiku ano suli bwino, chikuchitika n'chiyani?" Kenako khalani chete, mumvetsere. Simuli dokotala, ndiye musamuuze matenda amene ali nawo. Ngati watchula zodzivulaza kapena kuti wina akumuchitira nkhanza, chimenecho si chinsinsi chosunga. Uzani mphunzitsi amene mumamukhulupirira, amayi a Mother Group kapena achipatala tsiku lomwelo, kapena imbani 116, ndi yaulere. Chimodzimodzi ngati wovutikayo ndinu.

Nanga mnyamata uja?

Nesi anaitanitsa amalume ake. Anamuyeza thupi kaye, anamupeza ndi magazi ochepa pang'ono, kenako anacheza naye payekha. Anamutumiza kwa mlangizi amene anakumana naye kangapo. Kusukulu tinagwirizana zinthu zing'onozing'ono: azikhala pafupi ndi chitseko, mvula ikayamba akhoza kuima pakhonde osapempha, apume pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, akakhazikika abwerere. Kudziwa kokha kuti khomo ndi lotsegula kunachepetsa kutulukako.

Ine ndinamuitana n'kumupepesa. Sizinali zophweka, mphunzitsi kupepesa mwana wa Fomu 1. Anangoti, "Zilibe kanthu, sala, simunkadziwa." Sindinganene kuti zonse zinatheratu. Mitambo ikada paphiri amakhalabe chete kuposa anzake. Koma sukulu sanasiye, ndipo akanasiya, mbali ina ya mlanduwo ukanakhala wanga. Dzenje limene anakumba lija likadalipo kuseri kwa kalasi. Ndikamadutsapo ndimakumbuka kufunsa kaye.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani njira imene uthenga wa zoopsa umadutsa kuchokera ku amygdala mpaka mtima kuyamba kuthamanga.
2. Tchulani mavuto anayi a m'thupi amene angaoneke ngati khalidwe loipa m'kalasi.
3. Pasukulu ina pali ophunzira 300, ndipo 30 ali ndi vuto. Pepala la mafunso limagwira 9 mwa 10 alionse amene ali ndi vuto, ndipo limaloza molakwika 2 mwa 10 alionse amene alibe. Olozedwa onse ndi angati? Mwa iwo, amene alidi ndi vuto ndi angati?
4. N'chifukwa chiyani kunali kofunika kupanga MDAT m'malo mongomasulira chida cha kunja?
5. Siyanitsani ntchito ya psychiatrist ndi ya psychologist.
6. Mwa ntchito zimene tatchula, sankhani imodzi, mulembe maphunziro a MSCE amene muyenera kulimbikira teremu ino kuti mudzaifikire.

Funso lachitatu mulichite ndi mnzanu, kenako mufananitse mayankho. Mukasiyana, bwererani ku chitsanzo cha ophunzira 200 chija.